Galimoto yogonamo ndi mabatire ake awiri

Amene mumakhala kufupi ndi nyanja, kaya ndi ku Chembe, ku Senga Bay, ku Kande kapena ku Chitimba, mumaziona galimoto zija zimabwera ndi alendo, zili ndi nambala za ku South Africa, ku Germany kapena ku Britain. Kunja zimangooneka ngati minibasi kapena kalole wamba, koma chitseko chikatseguka mumaona bedi, kafiriji, sinki ndi mababu ali ngwee. Eni ake amazitcha campervan, ife tingoti galimoto yogonamo. Ku Ulaya khalidweli ndi lakale ndithu. Kampani ya Westfalia ya ku Germany idayamba kusandutsa ma Volkswagen Kombi kukhala tinyumba m'zaka za m'ma 1950, ndipo lero ku Britain anthu wamba ambiri amagula Ford Transit kapena Mercedes Sprinter yakale n'kumaikonza okha pakhomo.

Bedi ndi makabati sizivuta, kalipentala aliyense wa pamsika angakhome. Pagona nkhani ndi pa magetsi. Ndasankha kuti tikambe zimenezi sabata ino poti zomwe zili m'galimotomo ndi zomwezo zadzaza m'nyumba ndi m'maokala athu: batire, sola, inveta ndi mawaya. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini galimoto amagona mutu uli pafupi ndi batire, kunsi kwake kuli thanki ya dizilo, khomo lothawira ndi limodzi. Munthu wotere salumikiza waya mwachisawawa.

Galimoto yogonamo imakhala ndi mabatire awiri. Loyamba ndi lija tonse timalidziwa, lolizira injini. Ntchito yake ndi ya masekondi ochepa chabe: limatulutsa mphamvu yochuluka nthawi imodzi, injini ikangolira alternator imalibwezera zomwe lataya. Mkati mwake muli timapuleti ta mtovu tambirimbiri koma topyapyala. Lachiwiri Angerezi amalitcha leisure battery, ena amati deep cycle. Ilo mapuleti ake ndi ochindikala, lidapangidwa kuti lizipereka pang'onopang'ono usiku wonse n'kutchajidwanso mawa lake. Loyamba lija ndi moto wa mapesi, lachiwirili ndi chikuni cha tsanya. Mababu, firiji, pampu ya madzi ndi masoketi otchajira foni zonse zimadya kwa lachiwiri, kuti ngakhale lithere usiku, m'mawa injini ilirebe.

Ife kuno timatenga batire lochotsa m'galimoto n'kuliika pa sola kuti liziunikira nyumba ndi kuliza wailesi mpaka litatheratu. Pakapita miyezi ingapo lafa, ndiye timayamba kudandaula kuti mabatire a masiku ano ndi achinyengo. Achinyengo alipodi pamsika, sindikukana, koma ambiri timawapha tokha powapatsa ntchito yomwe sadabadwire.

Ngakhale batire la deep cycle lomwelo lili ndi malire. La mtovu ndi asidi silifunika kulidya kupitirira theka. Ngati palembedwa 100Ah, zanu ndi 50Ah basi. Tiyerekeze kuti kafiriji kamakoka 4A ndipo kamalira maola 8 pa tsiku, ndiye kuti 32Ah zapita. Mababu anayi a LED a 3W lililonse amakoka 1A onse pamodzi, akayaka maola 5 ndi 5Ah. Mafoni ndi laputopu tiike 10Ah. Zonse pamodzi ndi 47Ah, tsiku limodzi lokha batire lafika kale pa malire. Kamita koyezera magetsi kamakuuzani zoona: batire lodzaza, litapumako maola angapo, limaonetsa 12.6V kapena 12.7V, ndipo likafika cha m'ma 12.1V kapena 12.2V dziwani kuti theka latha. Oyembekezera kuti babu lichite kufiira kaye ndi amene amagula batire chaka ndi chaka. Masiku ano ambiri ku Ulaya akusamukira ku mabatire a lithium, omwe ndi opepuka ndipo amalola kudyedwa pafupifupi onse, koma mtengo wake ndi wolira nawo.

Batire lachiwirili limatchajidwa kuchokera ku sola ya padenga, ku injini galimoto ikamayenda, kapena ku magetsi a pamalo ogona. Za sola tikuzidziwa, bola pakati pa sola ndi batire pakhale controller. Za injini ndiye zili ndi kanzeru kake. Pakati pa mabatire awiri aja amaikapo relay, kaswitchi kodzitsegula ndi kudzitseka kokha. Injini ikalira, alternator imakweza mphamvu kupitirira 13V, relay imamva n'kulumikiza mabatire onse kuti atchajidwe limodzi. Injini ikazima, relay imawalekanitsa. Galimoto zatsopano zambiri zili ndi alternator yomwe imadzitsitsa mphamvu pofuna kupulumutsa mafuta, ndipo zimenezo relay wamba siikwanira, zimafuna tchaja ya DC-DC. Makaniko amene amangolumikiza mabatire awiriwa ndi waya umodzi popanda cholekanitsa ndiye kuti wapanga batire limodzi lalikulu lomwe lidzathere limodzi, mwini wake adzayambe kufuna anyamata okankha.

Tsono tifike pa waya, pomwe ambiri amapsera. Pali kasamu kena komwe ophunzira anga amaloweza chifukwa cha mayeso, osadziwa kuti kangapulumutse denga la kwawo: ma watt ndi ma volt kuchulukitsa ndi ma amp. Ketulo ya 2000W ikakhala pa magetsi a 230V imakoka pafupifupi 9A. Ketulo yomweyo muipatse mphamvu kuchokera ku batire la 12V kudzera pa inveta, kumbali ya batire kudutsa ma amp oposa 166. Chomwe chimatenthetsa waya ndi ma amp. N'chifukwa chake waya wochoka pa batire kupita ku inveta yaikulu umakhala wonenepa ngati chala, komanso wamfupi zedi, ndipo n'chifukwa chakenso eni galimotozi ambiri amaphikira gasi. Anthu amaganiza kuti poti 12V sagwira nyesi ndiye kuti ndi magetsi a masewera, kawaya kalikonse kangachite, ngakhale ka sipika. Zoona, 12V siingakugwetseni mukaigwira. Koma imayatsa moto bwino lomwe.

Batire lilibe chisoni. Waya wa ku mutu wa + ukasupuka n'kukhudza chitsulo cha galimoto, batire limakhuthula mphamvu yake yonse nthawi imodzi, waya umafiira ngati khala, pulasitiki yake n'kuyaka, ndipo palibe switchi yomwe mungathamangire. Amene adaonapo sipanala itagwera pakati pa mitu iwiri ya batire akudziwa zomwe ndikunena. Mankhwala ake ndi fyuzi, ndipo apa ndikufuna mumve bwino, awerengi anga: fyuzi imateteza waya, osati wailesi kapena firiji. Ntchito yake ndi kupsa waya usadapse. Choncho kukula kwa fyuzi kumatsatira kunenepa kwa waya, ndipo malo ake ndi pafupi penipeni ndi mutu wa + wa batire, kutalika kosaposa chikhatho. Mukaiika kutali, chigawo chonse cha waya kuchokera pa batire kukafika pa fyuziyo chilibe mlonda. Waya wautali uja wolumikiza batire la injini ndi la kumbuyo umafuna mafyuzi awiri, ina uku ina uko, poti mbali zonse ziwiri kuli batire lomwe lingathe kuukoleza.

Pitani mukaone sola za m'nyumba khumi m'mudzi mwanu, muwerenge kuti ndi zingati zili ndi fyuzi pa batire. Ndipo komwe ilipo, ikapsa timaikulunga ndi kawaya kapena kapepala kasiliva ka m'paketi ya fodya kuti "isamavute". Kumeneko ndi kupha galu chifukwa wauwa usiku.

Zina ndi zing'onozing'ono koma eni galimotozi sazinyozera. Waya wa m'galimoto umayenera kukhala wa timinyewa tambiri tofewa, chifukwa uja wa chitsulo chimodzi cholimba wa m'khoma la nyumba umathyoka ndi kugwedezeka kwa msewu. Podutsa pa bowo la chitsulo amauveka kamphira kuti usachekeke. Kumapeto kwake amafinyirako kachitsulo komangira ndi bawuti, osati kupota ndi zala n'kukulunga jumbo. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika ukakumana ndi kathetheka, choncho bokosi lake limakhala ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja, ndipo silikhala m'kabati imodzi ndi botolo la gasi. Pochotsa batire amayamba kumasula mutu wa minus, pobwezera amaumalizira.

Mbali yachiwiri ya magetsi a m'galimotomu ndi ya 230V, ndipo iyi siwotcha kokha, imapha. Ku Britain malo ambiri ogona alendo a galimotozi amakhala ndi timizati ta magetsi, kalikonse kali ndi soketi ya buluu ya mabowo atatu ozungulira. Mlendo amatulutsa nthambo yake, kawirikawiri ya mtundu wa olenji kuti anthu asapunthwe nayo, yosapitirira mamita 25, n'kulumikiza kamzati ndi galimoto. Malo ena amapereka 16A, ena 10A, ndipo m'maiko ena a ku Ulaya mungapeze 6A yokha. Bwererani ku kasamu kaja: 16A ndi 3680W, pomwe 6A ndi 1380W, ketulo yathu ija ingathimitse magetsi. Nthamboyo amaitambasula yonse, chifukwa ikakhala yokulungidwa pa chiguduli imatentha mpaka kusungunuka.

Magetsiwa akalowa m'galimoto amayamba afika m'kabokosi momwe muli ma breaker ndi chipangizo chotchedwa RCD, kenako n'kupita ku masoketi ndi ku tchaja ya batire lachiwiri lija. Mawaya ake amayenda njira yawoyawo, osasakanikirana ndi a 12V. Malamulo a zamagetsi a ku Britain, BS 7671, ali ndi gawo lakelake la galimoto zoterezi, gawo 721, ndipo wodzikonzera yekha galimoto wanzeru amaitanabe mmisiri wovomerezeka kuti adzayeze mbali imeneyi.

N'chifukwa chiyani RCD? Galimoto ndi bokosi la chitsulo lokhala pa matayala a mphira. Waya wa live ukakhudza chitsulocho popanda earth, palibe chomwe chimathima, mababu amangoyaka ngati zonse zili bwino, galimoto yonse ili ndi magetsi. Ndiye kubwere mwana kuchokera kosambira, wopanda nsapato, mapazi anyowa, agwire chogwirira cha chitseko. Thupi lake ndilo limasanduka njira ya magetsi yopita pansi. Mphamvu yokwana kuimitsa mtima wa munthu ndi yochepa kwambiri moti fyuzi ya 13A ya m'pulagi siingamve n'komwe kuti kwachitika kanthu. RCD imagwira ntchito mosiyana. Imayerekeza magetsi otuluka pa live ndi obwerera pa neutral, ndipo akasiyana ndi 30mA, kutanthauza 0.03A, imadziwa kuti ena athawira kwina n'kudula sekondi isadathe. Waya wa earth, uja wobiriwira ndi wachikasu, amaumangiriranso ku chitsulo cha galimoto kuti shoti ikachitika magetsi apeze njira yawo munthu asadagwirepo. Pa RCD pali kabatani koyesera, ndipo kalipo kuti kazidinidwa.

Chinanso chomwe chimandisangalatsa ndi kapangidwe ka nthambo ija. Mbali yolowa m'galimoto ili ndi mabowo, mano ali pa galimoto, kuti kumapeto komwe kuli magetsi kusakhale chitsulo choonekera. Polumikiza amayamba ku galimoto n'kumalizira ku kamzati, pochotsa amayamba ku kamzati. Yerekezani ndi zomwe zidafala m'matauni mwathu namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, anthu ambiri atagula mainveta ndi majenereta. Ena amadula nthambo n'kuika pulagi ya mano atatu mbali zonse ziwiri, ina ku inveta ina ku soketi ya pakhoma, kuti nyumba yonse iwale. Pulagi imodzi ikazuka, mano ake amakhala ndi 230V poyera, pansi pomwe pakukwawa mwana. Mukaiwala kuthimitsa switchi yaikulu, magetsi anu amabwerera m'mawaya a ESCOM, ndipo transformer imagwira mbali zonse ziwiri, ingathe kuwakweza n'kukapweteka munthu amene ali pa polo akukhulupirira kuti laini ndi yozima. Magetsi a ESCOM akabwera, inveta yanu ndiyo imayamba kupsa. Chofunika pamenepa ndi changeover switch, yomwe siilola magwero awiri kukumana, ndipo woika wake akhale mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA. M'galimoto zogonamo zomwe zili ndi inveta amachitanso chimodzimodzi.

Mawu anga omaliza apite kwa eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Magetsi athu ndi 230V ngati a ku Britain, pulagi yathu ya mano atatu idachokeranso komweko, choncho mlendo wa galimoto yotere savutika kulumikiza kuno. Koma kumukokera ekisitenshoni yolumikizalumikiza ndi tepi kuchokera ku bala, kudutsa pa mchenga wonyowa, earth idadulidwa kalekale, n'kuika moyo wake ndi wa antchito anu pa chiswe. Soketi ya buluu yosalowa madzi, earth yoyezedwa ndi RCD pa mzati uliwonse si zinthu za mtengo woposa chipinda chimodzi cha alendo. Ena mwa alendowa amayenda ndi kachipangizo ka tinyali titatu komwe amayamba alowetsa mu soketi yanu asadatulutse nthambo. Kakaonetsa kuti earth palibe, amabweza nthambo m'bokosi, n'kukauza anzawo omwe akubwera m'mbuyo.