Kafukufuku Amathera Pamene Galimoto Yafera

Pa masitesheni ambiri a kafukufuku wa zaulimi m'chigawo chino cha Afirika pali malo amodzi amene alendo saonetsedwa. Malowo ndi kuseri kwa galaja, kumene magalimoto amene anabwera ndi mapulojekiti akale anakhazikidwa pa miyala, matayala atachotsedwa, udzu utamera kunsi kwake. Ambiri mwa magalimotowo sanachite ngozi ayi. Anaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi kamene mtengo wake sufika ngakhale pa ndalama zochitira msonkhano wa tsiku limodzi, koma panalibe amene anakaikira ndalama pa ndondomeko ya chaka. Chikhalirecho galimoto yopita kumunda ndi chipangizo cha kafukufuku monga momwe ilili sikelo yoyesera zokolola. Iyenera kusankhidwa, kusinthidwa ndi kukonzedwa molingana ndi msewu woipitsitsa umene idzayendemo.

Dera la Kihagara, m'boma la Nyasa ku Tanzania, likuonetsa bwino nkhaniyi. Bomali linakhazikitsidwa m'chaka cha 2012 pogawa boma la Mbinga, ndipo likulu lake ndi Mbamba Bay, doko loyang'anizana ndi Nkhata Bay kutsidya kwa nyanja. Kwa zaka zambiri msewu wa makilomita 66 wochokera ku Mbinga, wotsika mapiri a Amatengo kukafika kunyanja, unali wovuta kwambiri nthawi ya dzinja. Lero msewuwo uli ndi phula. Koma wopita ku Kihagara amasiya phulalo pa Mbamba Bay ndi kukhotera kumpoto, kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja wopita ku Liuli ndi Lituhi, umene mbali yake yaikulu ndi ya dothi, mchenga ndi miyala. Kudzanja lamanja kuli mapiri, kumanzere kuli nyanja, ndipo timitsinje tonse totsika m'mapirimo timadula msewu tisanathire m'nyanja. Mvula ikagwa kumtunda, kamtsinje kamene m'mawa kanali kolekeza m'kakolo pofika masana kamalekeza m'chiuno. Alangizi otsikira ku Usisya m'boma la Nkhata Bay, oyenda pakati pa Metangula ndi Cobue ku Niassa, kapena otsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, akudziwa msewu wamtunduwu ngakhale sanafikepo ku Kihagara.

Chakudya chodalirika cha anthu a m'mbali mwa nyanjayi ndi chinangwa, ndipo chinangwa chimafuna galimoto kuposa mbewu zina zambiri. Mbewu ya chimanga yokwanira hekitala imodzi munthu amanyamula pa njinga. Hekitala ya chinangwa yobzalidwa motalikana mita imodzi mbali zonse imafuna timitengo 10,000, ndipo timitengoto timayenda tili m'mitolo ya mitengo yaitali, yolemera ndiponso yamoyo. Mitolo ikakhala padzuwa masiku angapo poyembekeza kuti galimoto ikonzedwe, imauma. Ikagwedezeka kwambiri panjira, maso ake amapukusika ndipo simera bwino. Nthawi yobzala nayo ndi nthawi yomweyo imene msewu umaipa. Walira mvula walira matope. Kotero galimoto ikafa masabata atatu a Disembala, munda woyeserera wa chaka chonse watha, ndipo mlimi amene anayembekeza mbewu yopirira ku matenda amabzalanso yake yakale.

Pali chinanso chimene chimatayika mosaonekera. M'buku lake la mu 1983, Rural Development: Putting the Last First, Robert Chambers anachenjeza kuti akatswiri amakonda kuyendera midzi ya m'mbali mwa phula, ndipo amatero nthawi ya chilimwe, kenako n'kulemba malipoti ngati kuti aona dziko lonse. Matenda a chinangwa oolesa mizu, amene H. H. Storey anawafotokoza koyamba ku Tanganyika mu 1936, akhala akuvuta kwambiri kumadera otsika a m'mbali mwa nyanja. Kodikodi amene anasakaza chinangwa m'mbali mwa nyanjayi m'zaka za m'ma 1980 anagonja chifukwa timavu tating'ono tochokera ku South America, timene bungwe la IITA linaweta, tinafikitsidwa kumadera okhudzidwawo ndipo anthu anabwerera kukaona ngati takhazikika. Ntchito yotere sichitikira pa phula. Ngati galimoto siingathe kupitirira Mbamba Bay, ndiye kuti lipoti lonena za boma la Nyasa likunena za Mbamba Bay yokha.

Tsono kodi galimoto yotere isinthidwe motani? Zofunika zenizeni n'zochepa, ndipo zambiri sizioneka ndi maso a munthu woima patali. Choyamba ndi mpweya. Chipaipi chokwera m'mbali mwa windo, chimene amakaniko amati snorkel, chimathandiza kuti injini izikoka mpweya wapamwamba m'malo mwa fumbi ndi madzi a pafupi ndi tayala. Injini ya dizilo ikameza madzi imapindika zitsulo zam'kati nthawi yomweyo. Chachiwiri ndi timapaipi topumira ta madifu ndi giyabokisi. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wam'kati umakhwinyata ndipo imayamwa madzi kudzera popumira. Kutalikitsa timapaipito kufikira pamwamba pafupi ndi injini ndi ntchito ya masana amodzi, koma kumapulumutsa magiya a mtengo wapatali. Chachitatu ndi sefa yolekanitsa madzi ndi dizilo, pakuti kumadera akutali mafuta amagulidwa m'zigubu ndi m'migolo. Chachinayi ndi chitsulo chotchinjiriza kunsi kwa injini ndi thanki ku miyala. Chachisanu ndi masipuling'i akumbuyo ndi mashoko oyenerana ndi katundu amene galimotoyo imasenza tsiku ndi tsiku. Pa izi pawonjezeredwe matayala awiri osinthira, pampu, zigamba, jeke ndi thabwa loikapo jekeyo, fosholo, chikwanje ndi chingwe chokokera. Pamchenga wa kunyanja, kuchepetsako mpweya m'matayala kumatulutsa galimoto msanga kuposa kuponda moto, koma njirayi imafuna kuti pampu ikhalepo yopoperanso mchenga ukatha.

Zina zimene zimakopa maso n'zosathandiza, ndipo zina n'zoopsa kumene. Matayala aakulu kuposa amene fakitale inaika amalemetsa mabuleki, maberingi ndi ma akiso, ndiponso sapezeka m'masitolo a ku Mbinga tayala likang'ambika. Kukweza galimoto m'mwamba ndi kusanjika migolo ya mafuta ndi mitolo ya chinangwa pa kaliyala wa padenga kumaipangitsa kupendama pa makona a m'phiri, pamene mbali inayo pali chigwembe. Katundu wolemera malo ake ndi pansi, pakati pa matayala. Zitsulo zolemera zakutsogolo ndi nyali zambirimbiri zimakongoletsa galimoto pa tsiku la chionetsero, koma zimathyola masipuling'i ndi kutopetsa batire. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Muyeso wabwino wa kusintha kulikonse ndi funso limodzi: kodi chinthuchi chikaonongeka pa Kihagara, makaniko wa pa Mbamba Bay angathe kuchikonza ndi masipanala amene ali nawo?

Funso lomwelo liyenera kufunsidwa galimoto isanagulidwe. Land Rover inayamba kupangidwa mu 1948 ndipo inatumikira zaulimi m'maiko ano kwa zaka zambiri, koma Defender yamtundu wakale inaleka kupangidwa mu 2016. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inatuluka mu 1984, ndipo injini yake ya dizilo ya 1HZ, ya malita 4.2, inayamba mu 1990. Ubwino wa injini zotere ndi wakuti amakaniko a ku Songea, Mzuzu, Lichinga ndi Chipata anaziphunzira kale ndipo zipangizo zake, zatsopano ndi zakale zomwe, zimapezeka. Injini zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta zimamwa mafuta pang'ono ndipo zili ndi mphamvu, koma sizipirira dizilo wamadzi, ndipo zikazima pamafunika makina ofufuzira vuto amene sapezeka m'mudzi. Dzina la kampani silofunika kwenikweni. Chofunika ndi chakuti sitesheni imodzi isakhale ndi magalimoto asanu a mitundu isanu chifukwa chakuti opereka thandizo anali asanu.

Kukonza kumayamba ndi dalaivala. Iye ndiye amamva kaphokoso katsopano galimoto isanaime. Akaoloka madzi akuya ayenera kuona oyilo wa m'madifu, ndipo akapeza wayera ngati mkaka amuchotse asanayende ulendo wina. Girizi wa m'malo olumikizira zitsulo amakokoloka ndi madzi ndipo afunika kubwezeretsedwa. Mabawuti omanga masipuling'i amamasuka pa msewu wa mabampu. Njere za udzu zimatseka radiyeta, injini n'kutentha pokwera phiri. Lamba wa taiming'i ali ndi makilomita ake olembedwa m'buku la galimoto, ndipo akaduka injini ili kuyenda chiwonongeko chake chimaposa mtengo wa malamba ambiri. Potsika phiri, giya yotsika ndiyo igwire galimoto, mabuleki angothandiza. Zonsezi zimatheka pokhapokha dalaivala ataphunzitsidwa, atapatsidwa buku lolembamo, ndipo akamvedwa pamene wanena kuti galimoto ipite kugalaja. Kawirikawiri mawu ake amagonja kwa bwana amene ali ndi msonkhano m'tauni.

Ena amati galimoto ndi yodula, ndalamazo zigule njinga zamoto zambiri. Mfundoyi ili ndi nzeru. Pa maulendo a tsiku ndi tsiku a mlangizi, njinga yamoto ndiyo yoyenera, ndipo imadutsa m'tinjira timene galimoto siingalowe. Maboti nawonso amafika m'midzi ya m'gombe msewu ukaduka. Koma njinga yamoto siinyamula mbewu ya hekitala, ndipo boti limatula katundu pa mchenga, munda uli kuphiri. Boma lililonse la m'mbali mwa nyanja lifunika galimoto imodzi kapena ziwiri zamoyo chaka chonse, zotumikira njinga zamoto zonsezo.

Maiko anayi a kuno anazolowera kale kugwirira ntchito pamodzi. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la SARRNET, limene likulu lake linali ku Chitedze, linkagawa mitundu ya chinangwa ndi mbatata ndi kuphunzitsa ogwira ntchito a maiko ambiri. Mu 2004 Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Zambia anasainirana pangano la njira ya Mtwara, imene imafika kunyanja pa Mbamba Bay. Mgwirizano womwewo ungathe kufika kugalaja. Masitesheni oyandikana angathe kugwirizana mtundu umodzi wa galimoto, mndandanda umodzi wa zipangizo zosungira, ndi maphunziro amodzi a madalaivala ndi amakaniko. Opereka thandizo asavomerezedwe kupereka galimoto popanda ndalama zoikonzera zaka zonse za pulojekiti, ndipo ndalamazo zilembedwe pansi pa kafukufuku kuti zisakhale zoyamba kudulidwa chuma chikachepa. Alangizi nawo ali ndi mbali yawo. Polemba malipoti a mwezi atchule masiku amene galimoto inaima, midzi imene sinafikiridwe ndi mitolo ya mbewu imene inauma, pakuti akuluakulu amagawa ndalama poona zolembedwa. Ndipo galimoto iliyonse yopita kunyanja ilowe m'galaja mu Seputembala kapena Okutobala, mitsinje ya pakati pa Mbamba Bay ndi Lituhi isanadzale.