KHONSOLO YA BLANTYRE NDI YA NDANI?

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Chilobwe, tamverani. Makolo athu anavotera makhansala mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, boma la Bingu linangoti zii, mzinda n'kukhala wopanda khansala mpaka 2014. Mu 2010 anasinthanso lamulo: aphungu azivota nawo mu khonsolo, mkulu wa khonsolo aziikidwa ndi nduna. Meya naye sitimuvotera ife, makhansala amasankhana okhaokha. Nde ngalande zikatsekeka, zinyalala zikaunjikana mu Limbe, timugwire ndani? Chonsecho tikiti ya pamsika amadulitsa tsiku lililonse osaphonya. Tikufuna meya wovoteredwa ndi ife, ndipo nduna ichotsepo dzanja. Mupezeni khansala wa wodi yanu, mumufunse ali mbali iti. Tumizani ku magulupu onse!