Nsagwada Nayonso Ifufuzidwe

Munthu akagwira tsaya ndi ululu, ambiri amathamangira kunena kuti lavuta ndi dzino. Dzino lija limazulidwa, wodwala nabwerera kwawo ku Nsaru kapena ku Mpingu, koma pakutha pa sabata ululu uli chikhalire. Chonsecho dzino la munthu wamkulu likachoka silimeranso.

Nthenda zina sizikhala m'dzino ayi. Zimakhala polumikizira nsagwada ndi chigaza, kutsogolo kwa khutu. Malowa akavulala, kaya pogwa pa njinga kaya chifukwa chokukuta mano kutulo, nsagwada imalira potafuna, mutu umawawa, ndipo kuyasamula kumasanduka chintchito. Mwana wogwa mu mtengo wa mango n'kumenyetsa chibwano akapanda kuonedwa bwino, mafupa aja amatha kumatirirana, iye nakula wosatha kuyasama.

Alipo ena amene amati kufufuza matenda otere n'kutaya ndalama pomwe malungo akupha ana. Palibe akukana kuopsa kwa malungo. Koma kodi mlimi wongomwa phala poti akulephera kutafuna angagwire khasu mpaka dzuwa kupendeka? Onena zimenezi nsagwada zawo n'zabwinobwino, n'chifukwa chake amalankhula momasuka chotere.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo umboni wake ulipo. Mu 2018 Yunivesite ya Glasgow ya ku Scotland ndi sukulu ya udokotala ya College of Medicine zinayamba mgwirizano wotchedwa MalDent, ndipo mu 2019 Malawi anayamba kudziphunzitsira madokotala a mano. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoona za umoyo wa m'kamwa. Izi n'zotamandika, komatu denga limeneli lisafunditse okhala m'mizinda okha.

Mu 2014 akatswiri a maiko osiyanasiyana anafalitsa njira imodzi yopimira matenda a nsagwada. Mbali yaikulu ya njirayi sifuna makina odula. Wopima amafunsa wodwala mafunso, amadina minofu ya m'masaya ndi chala, nayeza ndi rula kukula kwa pamene pakamwa payasamira. Choncho ofufuza alibe chifukwa chodikira odwala ku Kamuzu Central. Apite akakhale pansi ndi ogwira ntchito a pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete, a ku Kabudula ndi a ku Nambuma, mafunsowo awakonze m'Chichewa chomveka kwa gogo wa kumudzi, ndipo alembe m'kaundula aliyense wobwera ndi dandaulo la nsagwada, dzino lake lisanakhudzidwe.