Woimba nayenso ndi wamalonda: apatseni malo ndi mpamba, osati chitenge cha kampeni

Amai ndi atate a m'misika ya Kafue, inu a ku Estates, ku Zambia Compound, ku Shikoswe, ku Nangongwe, ndi inu amene mumalawirira ku Chanyanya kukaoda nsomba, lero tikambirane nkhani imene ambiri a inu muzati si yanu. Ndi nkhani ya oimba, ovina, ochita masewero, ojambula ndi osema a m'tauni yathu, ndi kumene ndalama zowathandiza zimayenera kuchokera.

Musanapitirire kukaona zina pa foni, yang'anani kaye pafupi ndi tebulo lanu. Mnyamata uja amene m'mawa amakankha wilibala ya matimati anu, madzulo amakhala m'kachipinda kotsekedwa ndi matilesi kumawindo, kujambula nyimbo. Amai aja amene anaimba ng'oma pa chilanga mulilo cha mwana wanu, nchito yawo ndi yomweyo. Amene analemba chikwangwani cha saluni yanu, amene anasoka yunifomu ya kwaya, amene anajambula vidiyo ya kitchen party, onsewa ndi aluso. Ena ndi ana anu. Ndalama ya studio inachoka pa mfundo ya chitenge chanu, mutachotsa pa phindu la kapenta. Kunena zoona, ngati pali amene akuthandiza aluso mu Kafue tsiku ndi tsiku, ndinu. Ndiye chifukwa chake muli ndi ufulu wofunsa kuti: nanga ena amene amalandira malipiro kuti azichita nchitoyi ali kuti?

Akuluakulu pakati panu akukumbukira Kafue wa mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970. Kafue Textiles inali kutulutsa zitenge pano pomwe, ndipo maluwa a pa chitenge sanali kugwa kuchokera kumwamba, panali munthu wowajambula amene anali kulandira malipiro. Mwezi ukatha, ndalama za m'fakitale zinali kulowa mumsika, m'mabala ndi m'maholo, woimba naye n'kudyako.

M'zaka zomwezo za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za muno mu Zambia. Ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inali kudinda malekodi. Magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anakula nthawi imeneyo. Onani bwino chimene chinawakweza: unali msika. Kunali kopangira katundu, kunali komumveketsa, kunali ogula. Mtengo wa mkuwa utagwa, chuma n'kuvuta, msika uja unatha. Jagari Chanda wa WITCH anafika pokakumba miyala ya mtengo kuti apeze chakudya. Patapita zaka zambiri, kampani ya ku America yotchedwa Now-Again ndi imene inatulutsanso nyimbo zija, ndipo WITCH inayambanso kuimba m'maiko akunja. Mu 2024 woimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga mbali ya nyimbo ya Paul Ngozi n'kuiika mu nyimbo yake. Paul Ngozi mwiniwake anamwalira kale mu 1989.

Inu mumadziwa tanthauzo la zimenezi kuposa aliyense. Katundu anali wabwino. Chimene chinasowa ndi malo ogulitsira ndi womusamala. Matimati abwino opanda msika amaola chimodzimodzi ndi oipa.

Manje tiyeni tione za lero. Papepala, zonse zilipo. National Arts Council inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1994. Kuli ZAMCOPS, bungwe limene limatolera ndalama kwa amene amagwiritsa nchito nyimbo pa malonda awo kuti zifike kwa eni ake. Kuchokera mu 2021 tili ndi unduna wa achinyamata, masewera ndi luso. Boma lino linatenganso woimba, Fumba Chama amene mumamudziwa kuti Pilato, n'kumuika pa udindo waukulu woona za luso mu unduna umenewo. Maofesi alipo, maina alipo. Koma maofesi akuluakuluwo ali ku Lusaka, makilomita opitirira 40 kuchokera pano. Mnyamata wa wilibala uja, kuti akafunse chabe za fomu, ayenera kusiya nchito tsiku lonse, kulipira basi kupita ndi kubwera, mwina n'kuuzidwa kuti abwerenso mawa. Inu mungatseke tebulo kangati pa chinthu chimene simukudziwa ngati chizatheka?

Ndalama nazo zinabwerapo. Mu 2020, m'boma la a Edgar Lungu, kunalengezedwa K30 miliyoni ya aluso, kudzera ku National Arts Council ndi CEEC, ndipo inali ngongole. Inabwera kutatsala chaka chimodzi kuti tivote. Inali ya dziko lonse, kuchokera ku Livingstone mpaka ku Nakonde. Manje yerekezani ndi CDF. Mu 2021 constituency iliyonse inali kupatsidwa K1.6 miliyoni. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Mwamva? Ndalama imene inalembedwa kuti ndi ya Kafue yekha m'chaka chimodzi yaposa imene aluso a Zambia yense analonjezedwa mu 2020. Kukweza CDF sitikutsutsa, ndi chinthu chabwino. Funso lathu ndi lakuti: pa ndalama imeneyi, ndi magulu angati a aluso a mu Kafue amene analandirako, ndipo maina awo anapachikidwa pati kuti tiwawerenge?

Funso limeneli si la ndalama chabe. Woimba akasowa njira yoonekera yopezera thandizo, njira imene imatsala ndi ya kukhomo la wandale. Mumaziona chaka cha mavoti. Magalimoto a zimkuzamawu amadutsa pamsika, anyamata athu ali pamwamba, kuimba mpaka mawu kusasa. Madzulo amapatsidwa sikipa, chitenge ndi kandalama ka basi. Mavoti akatha, foni ya bwana siyankhidwanso. Choipa kwambiri ndi ichi: amene wadya m'manja mwa wandale sangaimbenso za mtengo wa unga. Sangapange sewero la zimbudzi za pamsika zimene zinatsekeka, kapena la makada amene amatolera ndalama popanda lisiti. P.K. Chishala tikumukumbukira mpaka lero chifukwa anaimba za munthu wamba amene malipiro ake sanali kukwana. Pilato naye anamangidwapo mu 2015 chifukwa cha nyimbo. Oimba otere ndi pakamwa panu. Akagulidwa onse, adzakukambirani ndani?

Ndiye ife tikunena zinthu zinai, ndipo zonse ndi zimene inu amalonda munazimenyera kale.

Choyamba, malo. Wamalonda wopanda tebulo amathamangitsidwa m'mbali mwa msewu. Gulu la sewero lopanda holo limaphunzirira pansi pa mtengo, kapena m'kalasi yobwereka mpaka mlonda atawatulutsa. Khonsolo ipatule chipinda chimodzi chachikulu ndi pulatifomu pafupi ndi msika, zokhala ndi sola. Tonse tinaona mmene malaiti anavutira mu 2024, madzi atachepa ku Kariba: studio zinaima monga mmene mafiriji anu a nsomba anaimira. Pakhale buku loonekera lolembetsa tsiku ndi ola, mtengo wake ulembedwe pakhomo, wolipira apatsidwe lisiti. Kiyi isakhale m'thumba la kada wa chipani chilichonse.

Chachiwiri, mpamba. Mu CDF muli kale gawo la achinyamata, azimai ndi magulu a m'komboni, lina la ngongole, lina losabweza. Aluso awerengedwe pamenepo monga anthu a bizinesi, mofanana ndi oweta nkhuku ndi opala matabwa. Ndipo thandizo labwino ndi la zipangizo: zimkuzamawu, magitala, kamera, makina osokera, zolembedwa m'dzina la gulu lolembetsedwa. Ndalama ya m'manja imatha pa maliro amodzi. Zimkuzamawu zimabwerekedwa pa ukwati uliwonse, n'kumabweza ngongole yake yokha. Izi zizachotsanso ana athu m'manja mwa a kaloba.

Chachitatu, wothandiza pa mapepala. Kuti gulu lilandire thandizo limafunika kulembetsedwa, kukhala ndi akaunti ku banki ndi TPIN ya ku ZRA. Magulu ambiri amagwera pamenepa, luso ali nalo. Tsiku limodzi pa mwezi, a National Arts Council ndi a ZAMCOPS abwere kuno, akhale pa tebulo ku khonsolo, alembetse anthu, afotokoze m'Chinyanja ndi m'Chitonga kuti nyimbo ikalira pa wailesi kapena mu bala, ndalama ya mwini wake imayenda bwanji. Ndi chapafupi kuti anthu awiri akwere basi kuchokera ku Lusaka kusiyana ndi kuti achinyamata a tauni yonse azipita kumeneko.

Chachinai, mndandanda. Amene apempha, amene apatsidwa, ndalama zingati, ngongole kapena ayi, ndi amene abweza, zonse zipachikidwe pa bolodi la pamsika, osati mu ofesi chabe. Pa chilimba chanu aliyense amadziwa amene walandira mwezi uno ndi amene sanaponye. Ndiye chifukwa chake chilimba chimayenda. Ndalama ya boma isaope kuwala kumene ndalama ya azimai a repu siopa.

Tikudziwa zimene ena muzayankha. Muzati unga wadula, pamsika madzi ndi ovuta, mvula ikagwa timagulitsira m'matope, inu mukukamba za magitala? Funso labwino, ndipo madzi ndi zimbudzi zibwere patsogolo, sitikukana. Koma ndalama ya zomangamanga ndi ya magulu zili m'magawo osiyana mu CDF, gitala silikulanda chimbudzi. Kumbukiraninso kuti matenda akabuka, monga kolera imene inadzaza Heroes Stadium ndi odwala kumayambiriro kwa 2024, uthenga wosamba m'manja umafika msanga m'komboni ndi ng'oma ndi sewero kuposa ndi pepala. Anthu amene timawathamangira pa tsiku la mavuto tisawaiwale pa tsiku logawa.

Ndipo werengani phindu lanu. Loweruka limodzi la zoimba pafupi ndi msika, amene amagulitsa ndani? Ndi inu a vitumbuwa, a chikanda, a michopo, a maheu ndi madzi ozizira. Wa salaula amagulitsa jekete, wa saluni amaluka mitu, telala amasoka, wa takisi amanyamula anthu mpaka usiku. Achinyamata athu akamapita ku Lusaka kukaonera zoimba, ndalama yawo imatsala komweko. Ikazungulira muno, imabwerera pa tebulo lanu.

Popeza tsamba lino ndi la chipani, tisadzibise. Matenda ogwiritsa nchito oimba pa kampeni n'kuwataya si a chipani chimodzi, ndipo ife sitinganene kuti manja athu ndi oyera kuposa a ena. Mutigwire ndi mawu awa: woimba aliyense woitanidwa pa msonkhano, mtengo upanganidwe asanakwere pa galimoto, alipidwe ndalama tsiku lomwelo, ndipo akakana kuimbira chipani, asataye malo ake pa mndandanda wa thandizo. Amene adzabwera kudzapempha voti yanu, wathu kapena wa ena, mufunseni ngati avomera zimenezi pamaso pa anthu.

Inunso muli ndi mbali yanu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mukaitana a ng'oma kapena wojambula pa chikondwerero, musawauze kuti azadya nsima n'kutchuka. Inu kasitomala akakuuzani kuti mumupatse nsomba yaulere kuti akakutchukitseni kunyumba kwake, mumamuyankha bwanji? Mbasela imabwera munthu atagula kale.

Chomaliza, ndipo ichi ndiye chachikulu. Mapempho a CDF amayambira ku Ward Development Committee ya dera lanu. Lamulo la maboma ang'ono la mu 2019 linapereka mpando mu komiti imeneyo kwa woimira zoni iliyonse, wosankhidwa ndi anthu a m'deralo. Mpando uja ndi wanu. Kodi mukumudziwa amene akhalapo? Mufunseni mawa, pomwe mukuyala katundu, kuti msonkhano wotsatira uli liti. Mumuuze akanene zinthu zinai: malo, mpamba, wothandiza pa mapepala, ndi mndandanda pa bolodi. Mutengenso mnyamata wa wilibala uja apite naye, akadzikambire yekha.

Lembani pansipa dzina la msika wanu ndi zimene akuyankhani. Tizawerenga zonse, ndipo tizabweranso nazo pano.