Anakhwima, inde, koma pamsana pa ana a ndani?

Sabata yatha tikumwa tiyi pa Linthorpe Road, mnzanga wa m'kalasi atamva kuti kwathu ndi ku Malawi, nkhope inawala. Akuti atangomaliza sekondale anakakhalako miyezi itatu, akuphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi nyanja, ndipo ulendowo unamusintha moyo. Anabwerako woleza mtima, wodzichepetsa, ngakhale mvula ya Middlesbrough anasiya kuidandaula. Ndinamufunsa kuti ana a sitandade 5 aja, pochoka pakati pa teremu, anawasiyira ndani. Kunali zii.

Sindikuti amanama ayi. Mwana wazaka 19 ukamuimika kutsogolo kwa ana oposa 100 atakhala pansi, choko m'manja, akhwima basi. Koma amangwetu, sukulu imeneyo ndi yake kapena ya anawo? Iye anabwerako ndi nkhani yokometsera CV. Anawo anatsala ndi nyimbo ziwiri zachingerezi ndi silabasi yosatha.

Ife zotsatira za mphunzitsi wosaphunzira ntchito timazidziwa bwino. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo analemba aphunzitsi masauzande amene sanapiteko ku koleji. Pajatu panali pangozi, nyumba ikupsa. Lero zinthu n'zosiyana: alipo achinyamata omaliza IPTE, zaka ziwiri zathunthu, amene amakhala pakhomo zaka kudikira kuti boma liwalembe. Ndiye tisanamizane kuti ku Malawi kukusowa munthu woima pa bolodi. Kukusowa malipiro ake. Ndalama ya tikiti ya ndege ya mlendo mmodzi, eti ingalipire mphunzitsi wa komweko miyezi ingati?

Tsono tembenuzani nkhaniyi. Mayi amene anaphunzira ku Kasungu TTC, waphunzitsa zaka 10, afike kuno anene kuti akufuna kukhwima pophunzitsa ana a ku Teesside kwa teremu imodzi. Popanda DBS kalasi saiona, ndipo sukulu zambiri za boma zimafunanso QTS. Akathera ku care home, shifiti ya usiku. Ndipo malamulowo sindikuwatsutsa: mwana si chinthu choyeserapo. Chondiwawa n'chakuti nzeru imeneyi imathera pa bwalo la ndege.

Ngakhale VSO, imene inayamba mu 1958 potumiza ana ongomaliza sukulu, inasintha n'kuyamba kufuna anthu odziwa kale ntchito yawo. Mphunzitsi weniweni wopita zaka ziwiri, wogwira ntchito pansi pa ahedi, wophunzira Chichewa kapena Chitumbuka, ameneyo ndimuvulira chipewa. Mutauni muno munabadwira Captain Cook, mwina n'chifukwa chake kukadzipeza wekha m'dziko la eni kumaoneka ngati chinthu wamba.

Koma tisaloze chala azungu okha. Disembala akubwerayu ena mwa ife tikwera ndege, tikaima pa sukulu yathu yakale ndi katoni ya makope, tipempha piriyodi imodzi, tijambulitsa, Instagram idzaze. Ineyo ndinachitapo, musandiyang'ane choncho. Aphunzitsi anga akale a masamu anandipatsa kalasi mwaulemu, n'kukaima pakhomo. Nditamaliza kulankhula za maloto ndi kulimbikira, anayang'ana wotchi, n'kuuza ana kuti mafulakishoni aja aonana nawo mawa.