IFE NDIFE WANTCHITO WA MU HOTELA UJA



Ena a inu mudabwa kuona mkulu wa mpingo akutchula dzina la Madonna. Pirirani pang'ono. Mayi ameneyu sindikumuika pa guwa, ndipo zambiri za m'makanema ake sizoyenera maso a Mkhristu. Koma mu 1998 anatulutsa nyimbo yotchedwa Drowned World/Substitute for Love, imene inali kudandaula kuti kutchuka konse kumene anakuthamangira kunangokhala cholowa m'malo mwa chikondi, ndipo sikunamukhutitse. Solomo ananena kale zomwezo mu Mlaliki chaputala 2, atayesa chuma, vinyo ndi oimba. Pamenepo palibe chatsopano.

Chimene chinautsa mkwiyo ndi kanema wake. Anamujambulira ku London, ndipo amaonetsa mayiyo ali m'galimoto, ojambula zithunzi akumulondola pa njinga zamoto usiku. Chaka chinali chisanakwane chimwalirireni Diana, amene anafa pa ngozi ya galimoto ku Paris pa 31 Ogasiti 1997 ojambula akumuthamangira momwemo. Anthu a ku Britain anati uku nkudyera pa maliro a mwini. Mwina sanalakwe. Ine chimene chandigwira mtima ndi kachigawo kena kamene ambiri sakatchula. Mayiyo akuthawira m'kati mwa hotela, nakumana ndi wantchito wamkazi. Wantchitoyo akumwetulira ngati munthu wachifundo, mayiyo nayenso akumwetulira, kuganiza kuti wapeza mnzake. Mwadzidzidzi wantchito uja akutulutsa kamera, ng'ani! wamujambula.

Abale, wantchito ameneyo ndi ife.

Kale kamera inali ya atolankhani a m'tauni. Lero ili m'thumba la aliyense, kuyambira mnyamata wa kabaza kufikira mayi wa Chigwirizano wovala zoyera. Minibasi ikagubuduzika pa zitunda za msewu wa Lilongwe kupita ku Salima, oyamba kufika amatambasula manja, koma m'manjamo muli foni. Wovulala akubuula, wina akufunafuna poima kuti magazi aoneke bwino. Mayi wa ku Ntchisi amamva za imfa ya mwana wake pa WhatsApp, poona nkhope ya mwanayo ili pa phula, mwinimbumba asanafike nkomwe kudzamukhazika pansi. Ndipo pansi pa chithunzicho timalemba mawu a chipepeso ndi vesi, ngati kuti vesilo litsuka zimene tachitazo.

Pa maliro ndiye ndimasowa chonena. Nthawi yoona nkhope, imene makolo athu ankaiopa, yasanduka nthawi yojambula. Wamasiye akugudubuzika m'nyumba ya siwa, chitenje chamasuka, ndipo mdzukulu wake weniweni akumuulutsa pa Facebook kuti a ku Johannesburg aone. Mudzati mukuthandiza abale akutali. Ngati ndi choncho, bwanji simuwatumizira okhawo? Mukufuna dziko lonse lione chifukwa mumabwerera madzulo kukawerenga kuchuluka kwa amene aonera. Njala imene Madonna ankadandaula nayo ali ndi mamiliyoni, ife taigula ndi bandulo ya tsiku limodzi.

Werengani Genesis chaputala 9. Nowa analedzera nagona wosavala m'hema mwake. Hamu anaona, natuluka kukauza abale ake. Semu ndi Yafeti anatenga chovala, nalowa chafutambuyo kuti maso awo asaone manyazi a atate awo, nawafunditsa. Taonani kuti Hamu sananame. Zimene anafalitsa zinali zoona ndithu. Choncho musandiuze kuti "koma abusa, zinachitikadi". Kuchitika kwake sikukupatsani chilolezo.

Kamera imeneyi ife Amalawi taionapo mphamvu yake. Mu Okutobala 2006 Madonna yemweyo anabwera kuno natenga mwana wamng'ono ku Home of Hope ku Mchinji. Atolankhani a dziko lonse anakhamukira kumudzi kwa bambo wa mwanayo, mlimi wamba amene anali atataya mkazi wake, namufunsa lero, namufunsanso mawa, kusaka mawu oti agulitse. Ambiri a ife tinakwiya, tinati akutiyesa zinyama za ku Kasungu zoti alendo azijambula. Sindikana kuti mayiyo wachitanso zooneka, monga chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James chimene chinatsegulidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2017. Koma mkwiyo wathu wa 2006 uja unali woona, ndipo ndikufunsa kumene wapita. Mzungu akajambula umphawi wathu timati ndi chipongwe. Tikajambula tokha mtembo wa mnansi timati ndi nkhani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mpingo uno wa ku Mvera unayamba mu 1889 pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga misasa m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo kuyambira nthawiyo akulu a mpingo akhala akuika dongosolo la maliro a Akhristu. Pa bwalo la akulu likudzali ndidzapempha kuti tionjezerepo mfundo imodzi: woyendetsa mwambo azilengeza, bokosi lisanatsegulidwe, kuti mafoni onse alowe m'matumba, ndipo ngati banja lifuna zithunzi lisankhe lokha munthu mmodzi. Amene mukutsutsa, lembani pansipa ndi mayina anu enieni, ndidzawerenga zifukwa zanu pamaso pa abusa.