Thandizo la ndalama kwa aulumali ojambula makanema lili ndi msampha wake

Pamwambo wopereka mphoto za Oscar ku Los Angeles mu 2021, okonza mwambowo anamanga kanjira kotsetsereka kofika pansanja kuti munthu woyendera njinga ya olumala athe kukwera. Mmodzi mwa opikisana anali James LeBrecht, amene anabadwa ndi vuto la msana. Kanema amene anapanga limodzi ndi Nicole Newnham, wotchedwa Crip Camp, sanapambane usiku umenewo, koma anadzutsa funso lomwe silinayankhidwe mpaka lero: ndani agwire kamera pofotokoza za moyo wa anthu aulumali, nanga ndalama zake zichokere kuti?

Crip Camp si sewero. Ndi mbiri ya achinyamata aulumali amene ankasonkhana pa Camp Jened m'chigawo cha New York, ndi momwe ena mwa iwo, monga Judy Heumann, anadzatsogolera zionetsero za mu 1977 ku San Francisco, pomwe anakhala m'nyumba ya boma masabata oposa atatu osatulukamo. LeBrecht anali pamsasawo ali mnyamata, nchifukwa chake kanemayu sapempha woonera kuti alire. Koma tisaiwale kuti kumbuyo kwake kunali Netflix ndi kampani ya Barack ndi Michelle Obama. Ndi angati angapeze nsanamira zotere?

Ambiri amadalira mabungwe opereka thandizo, ndipo vuto layambira pomwepo. Tiyerekeze kuti bungwe lapereka ndalama zofanana kwa anthu awiri. Woyamba zonse azilowetsa pa kamera, maulendo ndi kukonza zithunzi. Wachiwiri, amene samva, ayamba walipira womasulira chinenero chamanja pa kukumana kulikonse. Woyendera njinga afunika galimoto yoti njingayo ilowe, chipinda chogona choti afikemo, mwinanso womuthandiza amene naye adya ndi kugona. Papepala awiriwa alandira mofanana; pantchito wina watsala ndi zochepa asanajambule chilichonse. Ife aphunzitsi timazidziwa izi: kupatsa ana onse mphindi zofanana pamayeso si chilungamo ngati wina akulemba ndi zilembo za osaona.

Ku America kulinso msampha wina woopsa. Munthu waulumali wolandira thandizo la boma lotchedwa SSI saloledwa kukhala ndi chuma choposa madola 2,000, malire amene sanasinthe kuyambira 1989. M'zigawo zambiri thandizoli ndi lomwe limatsegula khomo la Medicaid, yomwe imalipira chipatala ndi omusamalira kunyumba. Ndiye ndalama za kanema zikangolowa mu akaunti yake, akhoza kutaya zomwe zimamudzutsa pabedi m'mawa. Munthu wanzeru angazengereze kupempha thandizo lotere, kenako mabungwe nkumati aulumali sabwera kudzapempha.

Ku Britain boma lili ndi ndondomeko ya Access to Work, yolipira omasulira, othandizira ndi zipangizo paokha, osakhudza ndalama za ntchitoyo. Anthu amadandaula kuti imachedwa, koma maganizo ake ndi olondola: mtengo wa ulumali ukhale ndi thumba lake. Pa zinthu ngati zimenezi ndi pomwe gulu la FWD-Doc, lomwe LeBrecht anayambitsa ndi anzake, limakakamira mabungwe ndi makampani.

Kamera ikafika m'manja mwa mwini nkhani, chimatuluka nchosiyana. Reid Davenport anajambula I Didn't See You There ali pa njinga yake m'misewu ya Oakland, kamera ikuona zomwe iye amaona, osati nkhope yake. Analandira mphoto ya wotsogolera kanema ku Sundance mu 2022.

Kwathu kuno tikukumbukira kanema wa Lazarus wa mu 2019, wonena za woimba wachialubino Lazarus Chigwandali. Anathandiza kuti dziko lonse limve za nkhanza zomwe abale ndi alongo athu achialubino amakumana nazo, ndipo sitikumunyoza. Koma wotsogolera anali David Darg, wochokera kunja, ndipo dzina la Madonna ndi lomwe linamutsegulira makomo. Amene akufuna kuthandiza mnyamata kapena mtsikana waulumali wa ku Mangochi kuti ajambule yekha nkhani yake ayambe amufunsa kuti kufika pamalo ojambulira kumudyera ndalama zingati, ndipo ndalama zimenezo azilembe pamzere wakewake.